Hilux yazima pamwamba pa phiri, makaniko akuti pampu yafa

Achimwene ena a ku Matawale anditumizira imelo sabata ino. Akuti Hilux yawo yakale ya dizilo, ija ya injini ya 5L, inawazimira pa msewu wafumbi wopita ku Chingwe's Hole pa phiri la Zomba, sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osalira, mpaka anachita kuikoka kudzafika nayo kunyumba. Makaniko yemwe anamuimbira foni anangoti "pampu yafa imeneyo bwana, konzani ndalama". Pampu yake ndi ija imakankhira dizilo mu injini. Ndiye akufunsa kuti agule ina kapena ayi.

Achimwene, ayi, musagule kaye. Mawu amenewa a "pampu yafa" ine amandinyansa kwambiri, munthu galimoto sanaione, boneti sanatsegule, ali pa Mpondabwino akudya chipisi chake koma wadziwa kale chomwe chafa mu injini yomwe ili kuphiri? Anaombeza?

Ine ndinawamva koyamba mu 2012, nthawi ija mafuta anasowa mpaka anthu kumagona m'magalimoto pa mzere. Kunagwa maliro a azakhali athu ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ndipo msuweni wanga anabwera ndi Land Cruiser yake ya 1HZ, chinthu cha injini ya malita 4.2 chomwe iye ankalumbira kuti sichinamugonetsepo panjira. Dizilo anagula wa m'zigubu, nanga akanamutenga kuti. Tinapakira azimayi, matumba a ufa, nkhuni, ndowa, mvula itagwa usiku wonse msewu uli thope lokhalokha. Tili mkati mwa ulendo galimoto inayamba kutsokomola, akaponda faya iyo kumangokoka mwaulesi, kenako zii. Apa ndiye aliyense anasanduka makaniko. Wina akuti batire, wina akuti yatentha, amayi ena kumbuyo ayamba kale zoti malemu sakufuna kuti ena mwa ife tikafike pamaliro. Msuweni naye kiyi ali m'manja, kuliza, kuliza, kulizanso, sitata mpaka kuyamba kulira mofooka. Anaimbira makaniko wake wa m'tauni, yankho lake lomwelo, pampu.

Anatipulumutsa ndi madala ena omwe amadutsa pa njinga atamanga matemba pakaliyala. Anatsika, kuima kaye kumvetsera, n'kuti "ana inu siyani kiyiyo, mupha batire". Anati anali dalaivala wa boma kalekale Zomba idakali likulu, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Anapempha botolo la Fanta lopanda kanthu, analowetsa dzanja pansi pa fyuluta ya dizilo n'kumasula kapulasitiki kamene kali kunsi kwake, zomwe zinatuluka anazitchera m'botolo muja n'kuliimika pa mudguard. Patapita kanthawi tonse tinaona, pansi madzi akuda a dzimbiri okwana zala ziwiri, dizilo atayandama pamwamba. Anamanga, n'kuyamba kupopa kabatani kakuda ka pamwamba pa fyuluta ndi chikhatho, poyamba kankangolowa fwefwefwe, anapopabe mpaka kanalimba. Kenako sipanala 17, kumasula pang'ono manati a mapaipi awiri pa ma injector, tizitsulo tomwe timapopera dizilo m'masilinda, "liza mwana wanga", thovu linatuluka, kenako dizilo weniweni, kumanga, kulizanso. Inagwedezeka, utsi woyera tolo, n'kulira. Ndalama anakana, anangoti tikapepese kumaliroko.

Pampu ija yomwe "inafa" msuweni anayenda nayo zaka zambiri mpaka anagulitsa galimoto ili momwemo.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa ndipo sindisintha: galimoto ya dizilo yakale ikazima yokha uku sitata ikuzungulira, mlandu woyamba ndi wa mafuta, kaya madzi, kaya mpweya, kaya fyuluta yatsekeka. Pampu imabwera kumapeto kwenikweni. Ndipo dizilo wa m'zigubu, pepani anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu ndikudziwa mukusaka ya ndiwo, koma ndi poizoni. Chigubu dzulo chinatunga madzi pa mjigo, lero muli dizilo, wina wathiramo parafini kuti achuluke, parafini alibe mafuta okwanira ofewetsa zitsulo za mkati mwa pampu ndiye tsiku lina idzafadi zenizeni. Ngati mwakakamizika, sefani ndi nsalu yoyera ndipo zotsalira pansi pa chigubu musathire.

China chomwe chimandidabwitsa ndi ife a Zomba, kukwera phiri singano ya mafuta ili pafupi ndi E. Pa tala ya M3 mafuta ochepawo akhoza kukufikitsani ku Thondwe kapena ku Domasi popanda vuto, koma kuphiri galimoto imapendekeka, mafuta onse amathawira mbali imodzi ya thanki, paipi n'kuyamwa mpweya. Injini ya petulo mpweya ukalowa imadzikonza yokha mukathira mafuta, ya dizilo yakale imafuna muutulutse ndi manja. Achimwene simunandiuze kuti thanki inali pati, koma ndikukayikira pomwepo. Komanso anthu timagula 4x4 kuti atione ku Ku Chawe Lamlungu, masipika mbwee kumbuyo, magetsi a buluu pansi, koma sipanala ngakhale imodzi mulibe, jeke anabwereka alamu chaka chatha sanabweze.

Pamene mwati munaikoka paja mtima unandigunda. Injini ikazima mabuleki amagwira bwino maulendo awiri atatu okha, kenako pedulo imauma gwa chifukwa chomwe chimakuthandizani kuponda chimadalira injini, chiwongolero nachonso chimalemera. Msewu wotsika phiri la Zomba ndi makona okhaokha, mbali inayi phompho. Zoti "tingoitsetsereka ilira yokha kutsogoloku" musadzayese kumeneko, ndipo pokoka gwiritsani chitsulo, chingwe ayi.

Ndiye muchite chani

Yambani ndi khutu. Mukapotokola kiyi n'kungomva "tha" kapena osamva kanthu, nkhani ndi ya magetsi: gwedezani mitu ya batire, mabampu amaimasula, palani zoyera zija, onaninso waya wa earth wopita ku bodi ndi ku injini. Yanu ikuzungulira ndiye apa mwadutsa. Koma musalize kupitirira masekondi 15, ipumitseni kaye, sitata imapsa.

Thirani dizilo wabwino malita 10 kapena kuposa, galimoto ili pamalo a fulati. Khetsani madzi pansi pa fyuluta m'botolo loonekera mkati, muone nokha. Popani kabatani kaja. Kakalimba, lizani. Kakapanda kulimba ngakhale mwapopa mpaka dzanja kuwawa, mpweya ukulowa penapake, tsatani mapaipi a labala kuchokera ku thanki, mupeza long'ambika kapena kilipi yomasuka, nthawi zina ndi kabataniko komwe katha. Fyuluta ngati simukukumbuka tsiku lomwe munasintha, sinthani, ndi yotchipa.

Zikakanika pitani pa pampu penipenipo. Pali ka solenoid kolowa waya mmodzi, ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mafuta. Wina atsegule kiyi inu khutu lili pompo, kakuyenera kulira "tiki". Kakakhala chete onani fyuzi ndi wayayo, kapena tengani waya kuchokera ku + ya batire mukagusitse 12 volts mwachindunji. Kawaya kameneka kamazimitsa magalimoto ambiri pa misewu ya mabampu ndipo anthu agulitsidwa mapampu chifukwa cha iko. Izi ndi za 5L wamba, ngati yanu ndi 5L-E pampu yake imayendetsedwa ndi kompyuta, pamenepo pakufunika wa zamagetsi.

Pali pawiri pomwe kiyi simukuyenera kumugwira n'komwe. Ngati inazima mukuwoloka madzi, tsegulani air cleaner, mukapeza yanyowa basi siyani, madzi akalowa mu silinda sapanikizika ndipo mukaliza mupinda ma con rod, zitsulo zogwira ma pisitoni, makaniko achotse kaye ma heater plug, mapulagi otenthetsa injini polizira, madziwo atuluke. Kwinako ndi pamene sitata ikuzungulira mopepuka ndi mothamanga kuposa masiku onse, makamaka ngati nyali ya T-BELT inayaka kalekale inu n'kumangoiyang'ana, lamba wa timing akhoza kukhala waduka, tsegulani kava yake muone.

Enanu a injini zatsopanoko za Toyota za D-4D, ma 1KD ndi 2KD, zomasula mapaipi a ma injector zija si zanu, mmenemo mafuta amadutsa ndi mphamvu yoposa 1,000 bar, amaboola khungu. Popani pa fyuluta pokha, zikakana aike makina awerenge.

Mukachita zonsezi, solenoid ikulira, dizilo akufika pa pampu wopanda thovu koma ku ma injector sikukutuluka kanthu, apo ndiye tiyambe kukamba za pampu. Ngakhale pamenepo sagula, amaichotsa kupita nayo kwa a ma pampu ku Blantyre akaiyese pa benchi, ndipo mukapite nayo nokha achimwene, muimirire pompo akamaiyesa.