Musadikire boma, tikiti ya sitima muitsitse nokha

Achemwali, mwafunsa ngati kuli bwino kudikira kuti matikiti a sitima atsike, popeza boma la Britain likulanda masitima m'manja mwa makampani. Musadikire. Lamulo lake linadutsa mu 2024, ndipo mu 2025 makampani a sitima a South Western Railway, c2c ndi Greater Anglia analowa m'manja mwa boma. Koma kampani ya LNER yakhala ya boma kuyambira 2018, Northern kuyambira 2020, ndipo kusintha kwa mwiniko sikunatsitse mtengo. Phindu la makampani aja linali kachigawo kakang'ono chabe. Ndalama zambiri zimathera pa malipiro a antchito, magetsi, kukonza njanji, yomwe Network Rail ya boma imasamalira kale, ndi lendi ya masitima enieniwo, amene eni ake ndi makampani monga Angel Trains ndi Porterbrook. Amenewa boma silikuwakhudza. Mtengo umatsika boma likavomera kuthira ndalama za msonkho, monga linachitira la Scotland pochotsa mitengo yokwera ya peak (nthawi imene anthu ambiri amayenda) pa masitima ake a ScotRail mu Seputembala 2025.

Yambani ndi Railcard, khadi yotsitsira mtengo wa matikiti. Ndi £35 pachaka ndipo imadula gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, ndiye mukagula matikiti a £105 yabweza kale ndalama yake. Ilipo ya zaka 16-25, ya 26-30, ndi Senior kuyambira zaka 60. Ngati zaka sizikulolani, pali Two Together ya anthu awiri oyenda limodzi, ndi Family & Friends yomwe imadula 60% pa tikiti ya mwana. Pamene ambiri amagwera ndi m'mawa. Two Together siigwira isanakwane 9:30 masiku a ntchito, ndipo nonse awiri olembedwa pa khadi muyenera kukhala mu sitimamo. Mnzanu akatsalira, tikiti yanu yafa.

Pa ulendo wautali gulani tikiti ya Advance. Imayamba kugulitsidwa pafupifupi masabata 12 lisanafike tsiku, ndipo zotchipa zimatha msanga. Koma ndi ya sitima imodzi yokha, ya nthawi yolembedwayo. Mukachedwa n'kukwera yotsatira, amakuonani ngati mulibe tikiti. Ku England chindapusa chake chimafika £100 kuphatikiza mtengo wa ulendo, ngakhale chimatsika kufika £50 mukalipira m'masiku 21. Ngati shifiti yanu imasinthasintha, tikiti ya Off-Peak, yoyendera nthawi imene anthu sachuluka, ndiyo yabwino ngakhale ikwereko pang'ono.

Yesaninso kugawa ulendo pa matikiti awiri, mwachitsanzo London mpaka York, York mpaka Edinburgh, muli mu sitima yomweyo. N'zololedwa, bola sitimayo iziima pa siteshoni imene matikitiwo akumana. Pa njira imeneyi onaninso kampani ya sitima ya Lumo, yomwe siili ya boma koma nthawi zambiri imatchipa. Pogula, gwiritsani ntchito app ya kampani ya sitima iliyonse, chifukwa imagulitsa matikiti a dziko lonse popanda kandalama kowonjezera komwe Trainline, app yogulitsa matikiti, imaika kawirikawiri.

Ngati mumapita kuntchito kawiri pasabata, werengerani tikiti ya Flexi Season, yoyendera masiku 8 m'masiku 28. Woyenda tsiku lililonse atenge tikiti ya chaka, yomwe mtengo wake ndi wa masabata 40.

Ndipo sitima ikachedwa, musangodandaula, itanitsani Delay Repay, ndalama yokubwezerani chifukwa cha kuchedwako. Makampani ambiri amabweza 25% ya mtengo wa ulendo umodzi ikachedwa mphindi 15, theka pa mphindi 30, yonse ikadutsa ola. Ena, monga LNER, amayambira pa 30. Muli ndi masiku 28, ndipo amafuna chithunzi cha tikiti, choncho ijambuleni musanafike potulukira, chifukwa makina a pachipata amameza ya pepala.