Malume, za penshoni zija

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija pagulupu ndaliona, ndati ndiyankhe ndi pakamwa chifukwa zolemba zingatalike. Mwati chaka chamawa mukupuma pantchito, ndiye mukufunsa ngati ndalama za penshoni mugulire minibasi, kapena muzisiye kaye kubanki mpaka muone kumene ndale ndi chuma zikulowera.

Zodikirazo ndiye ayi, Malume. Mukukumbukira mu 2012, amayi Joyce Banda atangolowa m'boma, kwacha inagwa. Mu Meyi 2022 inagwetsedwanso ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, tsiku limodzi lokha, dola kuchoka cha m'ma 1,180 kufika cha m'ma 1,700. Maboma osiyana, zipani zosiyana, koma wolira anali yemweyo, munthu amene anasunga ndalama zake pa akaunti. Mu 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti opitirira 30, pamene chiwongoladzanja cha akaunti wamba sichiyandikira n'komwe pamenepo. Ndalamayo pafoni muziiona ndithu ilipo, koma malata amene mukanagula lero, chaka chinacho mudzagula ochepa.

Tsono za minibasi. Eee, apa ndikupempheni mundimvetsere bwino. Minibasi imafuna mwini wake amene ali pamsewu, wodziwa injini, wodzuka mbandakucha. Inu mwagwira ntchito ya muofesi moyo wanu wonse. Zipangizo zake zonse n'zochokera kunja, matayala, mabuleki, ma shock, ndiye dola ikasowa mtengo wake umangouluka. Mafuta akasowa, galimoto igona pamzere pa filling station masiku, osalowetsa kanthu, koma inshuwalansi ndi COF, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, zikudikira. Madzulo dalaivala abwera, makiyi m'manja, nkhope yogwa, "Bwana lero kunalibe anthu, komanso apolisi anatigwira, komanso giya ikuvuta." Mutsutsa bwanji inu muli pakhonde? Ndipo ikangochita ngozi kamodzi, thukuta la zaka zonse zija lathera mu dzenje limodzi. Ndikukanizani chifukwa ndimakukondani.

Lamulo la penshoni la 2023 limalola kuti popuma mutenge mpaka theka la ndalama zanu nthawi imodzi, zotsalazo muzilandira mwezi ndi mwezi. Musanasaine pepala lililonse, pitani kwa amene akusunga penshoni yanu mukafunse zinthu ziwiri. Choyamba akupatseni sitetimenti, muone ngati abwana anu akhala akuperekadi 10 peresenti yawo pamodzi ndi 5 peresenti imene amakudulani, chifukwa alipo mabwana amene amadula koma osatumiza, ndipo munthu amadzazindikira atapuma kale. Chachiwiri mufunse ngati ya pamweziyo izikwera chaka ndi chaka kapena ikhala yomweyo mpaka kalekale. Funso limeneli ndi lalikulu kwambiri, Malume. Ndalama imene lero ikugula thumba la chimanga, magetsi ndi mankhwala, pakatha zaka zisanu mwina idzangokwana magetsi okha.

Theka limene mutengelo, ine ndikanayamba ndi nyumba ija mukumanga ku Chileka. Imalizeni, mulowemo, lendi ithe. Munthu wopuma pantchito amene akulipirabe lendi sagona tulo. Simenti, malata, mafelemu, gulani msanga ndalama ikangolowa. Ngati patsala, timanyumba tiwiri kuseri toti anthu azichita lendi, chifukwa lendi mutha kuikweza zinthu zikakwera. Koma mapepala a malowo akhale m'dzina lanu, olongosoka, osati zongogwirizana pakamwa ndi amfumu. Milandu ya malo yasaukitsa anthu ambiri, mukudziwa nokha.

Ina muikeko ku ma treasury bill. Kumeneko ndiye kuti mukubwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo phindu lake limaposa la akaunti wamba. Kubanki kwanu komweko akuthandizani. Koma osaika zonse ayi. Ku Ghana boma litalephera ngongole, mu 2023 anthu opuma pantchito amene anagula ma bond a boma, kutanthauza kuti anabwereketsa boma ndalama kwa zaka zingapo, anachita kukakhala pakhomo pa unduna wa zachuma kudandaula za ndalama zawo. Nafenso boma lathu lili ndi ngongole zambiri, ndiye sankhani za masiku ochepa, muziona mmene zikuyendera.

Masheya nawonso alipo pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre konko, a National Bank, Standard Bank, Airtel, TNM, Illovo, NICO, Press Corporation. Mumagula kudzera kwa stockbroker wovomerezeka, ndipo kampani ikapindula mumalandira gawo lanu. Amakwera, amatsikanso, choncho muikeko ndalama yokhayo imene simuifuna kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Amene akubwera ndi zoti "ikani miliyoni, mwezi wamawa mutenga ziwiri", kaya ndi wa kutchalitchi, kaya ndi mnzanu wa kuntchito, muthaweni. Za madola a pamsika wakuda nazonso musayambe, n'zoletsedwa ndipo abodza ndi ambiri.

Chinanso chimene anthu amaiwala ndi matenda. Tsiku limene mukutsanzika kuntchito, medical aid ya kampani imathanso. Inu ndi BP yanu ija, azakhali ndi shuga, mankhwala ndi a mwezi uliwonse, ndipo kuchipatala cha boma nthawi zina amakuuzani kuti mukagule nokha. Patulani ya miyezi isanu ndi umodzi, ikhale pamalo poti mutha kutapa usiku, ndipo mufunsiretu ngati mungapitirize medical aid panokha.

Ndipo poti tonse tili pagulupu pano, ndinene poyera. Abale, ndalama ya Malume ikadzatuluka, si ya fizi, si ya mpamba wa bizinesi, si ya ukwati wa wina aliyense. Anatiphunzitsa ambirife, yawo anaigwira. Malume, kuchuluka kwake musadzauze munthu kupatula azakhali, ndipo mukhale nawo pansi mugwirizane limodzi, mayina a olandira mukadzatisiya muwaonenso ngati ali bwino pa fomu ya penshoni.

Loweruka ndibwera, mukhale mutatenga sitetimentiyo ndi mapepala a malo a ku Chileka, tidzawerengere limodzi. Moni kwa azakhali.