Git safuna bando, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati Git ndi yofunikadi kwa munthu amene akulemba code yekha pa laputopu. Mwati inu mumangokopera foda yonse n'kuitcha "final", mawa lake "final2", komanso bando ya intaneti ndi yodula. Ndiyambire pa bandopo, chifukwa ambiri amasokonezekera pomwepa.

Git safuna intaneti. Chofuna intaneti ndi GitHub, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Git ndi pulogalamu yokhala m'kompyuta mwanu momwemo, yosunga mbiri ya zonse zomwe mwasintha mu code yanu. GitHub ndi webusaiti chabe yosungirako ntchito, inayamba mu 2008, Microsoft n'kudzaigula mu 2018. Mukhoza kutha mwezi wathunthu mukupanga ma commit (commit ndi kusunga mu Git zomwe mwasintha) muli kumudzi kopanda netiweki, palibe chingakuvuteni.

Kugwira ntchito popanda intanetiku kunachokera m'mene Git inabadwira. Linus Torvalds, wa ku Finland uja amene anayambitsa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta) mu 1991, ankagwira ntchito ndi anthu ambirimbiri omwazikana m'maiko osiyanasiyana. Kuyambira 2002 ankasunga ntchito yawo mu BitKeeper, pulogalamu ya kampani ina yomwe inkawalola kuigwiritsa ntchito mwaulere. Mu Epulo 2005 panabuka mkangano, eni ake n'kuchotsa chilolezo chaulerecho. Torvalds sanafune kugwiritsa ntchito mapulogalamu a CVS kapena Subversion, omwe kuti usunge kusintha kulikonse amafuna ulumikizane kaye ndi seva imodzi yapakati. Anangokhala pansi n'kulemba yakeyake, ndipo pasanathe sabata Git inali itayamba kusunga code yake yomwe. Mu Julayi chaka chomwecho anaisiya m'manja mwa Junio Hamano, amene waiyang'anira kuyambira nthawi imeneyo. Mfundo yake inali yakuti aliyense akhale ndi mbiri yonse ya ntchitoyo m'kompyuta mwake. Ndiye ife a magetsi othimathima ndi bando yowerengera tinangodyera nawo.

Za mafoda a "final" zo, ndinadutsamo, musachite nazo manyazi. Ndinalembera golosale ina kapulogalamu kowerengera katundu. Pa desktop panga panali final, final2, final_yeniyeni, ndi inanso yotchedwa final_osakhudza. Lolemba lina m'mamawa eni golosale akuimba: "Malisiti akutuluka ndi mitengo yolakwika, koma Lachisanu zinali bwinobwino." Ndinatha masiku awiri ndikufananiza mafayilo ndi maso, wina kumanzere wina kumanja, osadziwa n'komwe kuti foda yomwe ndinawapatsa inali iti. Cholakwika chinali mzere umodzi wokha, umene ndinausintha usiku ndili ndi tulo.

Ndikanakhala ndi Git, "git log" ikanandionetsa zonse zomwe ndinasintha kuyambira Lachisanu, "git diff" n'kundilozera mizere yeniyeniyo. Palinso "git bisect", yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse. Mumaiuza commit imene zinthu zinali bwino ndi imene zawonongeka, iyo imakuikani pakatikati n'kukufunsani kuti pano zili bwanji. Mukayankha imadulanso pakati, mpaka kupeza wolakwa. Ma commit 100 mumathana nawo poyesa maulendo pafupifupi 7 okha.

Koma zonsezi zimathandiza ngati ma commit anu ndi ang'onoang'ono. Apa mpomwe pagona nkhani. Munthu wolemba code sabata yathunthu n'kupanga commit imodzi ya mafayilo 40, uthenga wake "update", wangosamutsira mafoda ake a "final" aja mu Git basi. Mukakonza kanthu kamodzi, kayeseni, kakagwira ntchito pangani commit nthawi yomweyo. Pa uthenga lembani chifukwa chimene mwasinthira, mwachitsanzo "kuchotsera kumawerengedwa kawiri pa lisiti". Kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi zilibe kanthu, bola inuyo mudzamve pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pomwe mudzakhale mutaiwaliratu kuti munkaganiza chiyani. Ine musanapange commit ndimati muziyamba mwaona "git diff". Kangapo konse ndagwira zinthu zomwe ndinangoika poyesera n'kuiwala kuchotsa.

Chenjezo limodzi lalikulu: ma password ndi makiyi a API (zizindikiro zachinsinsi zolowera m'mapulogalamu a ena) asalowe mu commit. Git saiwala. Ngakhale mufufute mawa, m'mbiri zimatsalabe, ndipo mukakankhira ku GitHub poyera ndiye kuti mwagawira dziko lonse. Ziikeni m'fayilo yapadera, dzina lake mulilembe mu .gitignore, fayilo yomwe imauza Git zoti isasunge.

Komanso laputopu ikabedwa kapena hard disk ikafa, Git ya m'menemo yapita nayo limodzi. Choncho tsiku lomwe mwagula bando chitani "git push" kuti ntchito yanu ikasungidwenso ku GitHub. Code ndi malemba chabe, sidya data ngati mavidiyo a pa TikTok.

Madzulo ano lowani m'foda imene mukuikhulupirira kwambiri mwa ma "final" anuwo, lembani "git init", kenako "git add ." ndi "git commit". Za ma branch zisiyeni kaye. Ikakukanirani kuti simunaiuze dzina ndi imelo yanu, jambulani uthengawo muponye pagulu pano tikuthandizeni.