Yankho kwa achimwene a ku Dallas pa za suppressor yoyamba

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi Glock 19, pistol ya zipolopolo za 9mm, mukulingalira zodzagula ka carbine (kamfuti koika paphewa) ka 9mm chaka chamawa, ndipo wakushopu wakulangizani kuti mutenge suppressor (chida chomanga kumlomo kwa mfuti chochepetsa phokoso) ya zipolopolo zazikulupo za .45 kuti izidzakwana pa mfuti iliyonse. Mwafunsanso kuti yosalira kwambiri ndi iti. Ine ndikuyankhani ngati munthu amene khutu lake lamanzere limangolira kuti nziii usana ndi usiku, chifukwa zaka zoyambirira ndinkawombera m'nyumba zowomberamo nditangotseka makutu ndi timasiponji totchipa. Khutu likawonongeka silibwerera. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimaitenga ndi manja awiri.

Choyamba chotsani m'mutu zija za m'mafilimu zoti mfuti imangoti fyuu. Pistol ya 9mm imalira pafupifupi 160 decibel, umene ndi muyeso wa phokoso. Mukaika suppressor yabwino phokoso limatsika kufika cha m'ma 130, pang'ono kunsi kwa 140 amene akatswiri a makutu amati ndiye malire a phokoso la mwadzidzidzi. Imeneyo ikadali mfuti, woyandikana nanu aimva ndithu. Chimene chimachoka ndi kuphulika kuja kogunda pachifuwa ndi kubaya m'makutu. Ine mpaka lero ndimavalabe zotseka m'makutu ndikamawombera m'kati mwa nyumba, chifukwa makoma amabweza phokoso.

Za malamulo ndinene mwachidule, poti pagulu pano ena akuwerenga ali ku New York, ena ku Seattle. Chida chimenechi chili pansi pa lamulo la National Firearms Act la 1934. Mumagula kwa wogulitsa wovomerezeka, muli ndi zaka 21 kapena kupyola, n'kulemba Form 4 ya ATF (bungwe la boma loona za mfuti), kupereka chithunzi ndi zidindo za zala. Katunduyo amakhala m'shopu mpaka chilolezo chitatuluka. Msonkho uja wa $200 anautsitsa kufika pa ziro kuyambira pa 1 January 2026, koma kulembetsa kukadalipo. Texas imalola, ndipo ma state olola onse pamodzi alipo 42, koma ku California, New York, New Jersey, Illinois, Massachusetts, Delaware, Hawaii, Rhode Island ndi Washington DC n'koletsedwa, ngakhale kungopita nayo kokacheza. Abale amene muli pa visa ya sukulu kapena ya ntchito, musayerekeze musanaonane ndi loya, chifukwa lamulo la mfuti kwa inu ndi losiyana ndi la nzika kapena a green card. Ndipo timachubu totchipa tija ta pa intaneti amatitcha solvent trap, togulitsidwa ngati tokolera mankhwala otsukira mfuti, tisiyeni. Mukangotiboola mwapanga suppressor yosalembetsa, mlandu wofika zaka 10 m'ndende, ndipo kwa amene sitili nzika za kuno zikhoza kutithamangitsa m'dziko. Kuika suppressor m'sutikesi popita kumudzi pa Khirisimasi nakonso ayi.

Tsopano pamtima pa funso lanu. Maganizo anga ndi akuti mugule ya 9mm, osati ya .45. Wakushopuyo sananame, ya .45 imagwiradi pa 9mm chifukwa bowo lake ndi lalikulu, chipolopolo chimadutsa bwinobwino. Koma inu mfuti ya .45 mulibe, ndipo simunanene kuti mukuifuna. Mudzakhala mukunyamula chinthu chachitali ndi cholemera chifukwa cha mfuti imene mwina simudzagula n'komwe. Pa carbine kulemerako sikuvuta. Pa Glock 19 mudzakumva. Yesani izi kunyumba: chotsani zipolopolo zonse, mutambasule manja ngati mukuwombera, ndiye muyerekeze kachitsulo kotalika mainchi 8 katapachikika kutsogoloko. Pakangotha mphindi zochepa mlomo wa mfuti umayamba kugwa pansi, mkono ukunjenjemera. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa anagula yaitali pofuna yosalira kwambiri, lero imangogona mu sefa.

Chimene chimathetsa mkanganowu ndi zija zotheka kufupikitsa. Rugged Obsidian 9 ndi chitsanzo chabwino: mumamasula chigawo chakutsogolo n'kukhala yaifupi pa pistol, mukabwezera imatalika n'kuchepetsa phokoso kwambiri pa carbine. Imamasukanso yonse kuti muitsuke. Dead Air Wolfman nayo imafupikitsidwa, koma ndi yonenepa, mtima wake uli pa carbine. SilencerCo Omega 9K ndi yaifupi, yosakwana mainchi 5, yolimba, koma ndi yowotcherera, simungaitsegule. Kwa inu amene muli ndi pistol lero ndi carbine mawa, ine ndingaloze Obsidian kapena ina ya mtundu umenewo. Musatengeke ndi manambala a pabokosi. Kusiyana kwa ma decibel awiri pakati pa makampani khutu lanu silikuzindikira, koma kulemera dzanja limakudziwa tsiku loyamba lomwe.

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ongoyamba amataya ndalama. Glock, monga ma pistol ambiri, mpope wake umabwerera m'mbuyo pang'ono n'kupendekeka ukawomba. Mukaupachika cholemera, umalephera kuyenda, khoko la chipolopolo silituluka, mfuti imaima. Ndiye pakati pamafunika booster, ena amati Nielsen device: ka piston kokhala ndi sipuling'i kamene kamapatsa mpope mpata woyenda paokha kwa kamphindi. Popanda iko Glock yanu izingowomba kamodzi n'kutsamwa. Pa carbine n'zosiyana. Mpope wake suyenda, choncho sipuling'i ija mumaichotsa n'kuikapo fixed barrel spacer (kachitsulo koletsa piston kuyenda), kapena mugule chomangira cholimba, kapenanso tri-lug ngati mpope uli ndi timano titatu ngati ta mfuti ya MP5. Mukaisiya sipuling'i pa carbine, suppressor imangodzimenya yokha mpaka kuwononga zam'kati.

Mazinga nawonso muwayang'ane musanalipire. Glock 19 wamba alibe mazinga kumlomo, mufunika kugula mpope wina wotalikirapo. Mipope yambiri ya kuno imakhala 1/2x28. Yambiri yochokera ku Ulaya imakhala M13.5x1 yomangira chakumanzere. Piston iyenera kufanana ndi mpope wanu, ndipo nthawi zambiri imagulidwa payokha. Ndikadakhala inu ndikadasankha 1/2x28 pa mfuti zonse ziwiri kuti moyo uphweke. Muwerengerenso ndalama ya zoyang'anira zazitali, chifukwa thupi la suppressor limatchinga zoyang'anira za Glock, chandamale osachiwona bwino.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira mwezi wanga woyamba. Ndinamanga suppressor ndi dzanja, ndinawomba magazini atatu motsatizana ndikusangalala kuti makutu sakuwawa. Sindinadziwe kuti kugwedezeka kuja kumamasula mazinga pang'onopang'ono. Chipolopolo china chinagwera kutali kumanzere kwa pepala. Nditadikira kuti izizire, ndinapeza yamasuka pafupifupi theka la kuzungulira, ndipo pa kapu yakutsogolo bowo silinalinso lozungulira, m'mphepete munali kabala kowala ka mkuwa pamene chipolopolo chinakhudza. Mwayi wake inali kapu yokha, ndinagula ina. Chikadagunda zam'kati, inali nkhani yotumiza ku kampani n'kudikira. Kuchokera tsiku limenelo ndimayenda ndi golovu yachikopa m'chikwama, magazini aliyense akatha ndimaigwira n'kuilimbitsa, mfuti italoza kutsogolo, chala chili kutali. Imatentha zedi, musaigwire ndi dzanja lokha.

Chimodzi chimene ambiri amaiwala ndi zipolopolo. Liwiro la phokoso ndi pafupifupi mafiti 1,125 pa sekondi. Zipolopolo za 115 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zotchipa zija zimathamanga kuposa pamenepo, ndiye zimalira ngati chikoti m'mwamba, ndipo palibe suppressor ingathetse zimenezo. Gulani za 147 grain, zimayenda kunsi kwa liwirolo. Pa mpope wautali wa carbine zina zimathamanga n'kufika m'malire, choncho yesani mabokosi a makampani angapo musanagule katoni. Kusintha zipolopolo kokha kudzakupatsani kusiyana kwakukulu kuposa kulimbana ndi mayina a ma suppressor. Musadabwenso kuti chipolopolo choyamba chimalira kuposa zotsatira, ndi mpweya umene unali m'katimo ukupsa.

Dziwaninso kuti mfuti imada msanga. Utsi umabwerera m'mbuyo, mwaye umadzaza m'magazini, wina umakufikani kumaso, makamaka pa ma carbine a blowback, amene amatsegulidwa ndi khoko lokankhidwira m'mbuyo powomba. Magalasi musavule. Piston muziipukuta n'kuipaka girizi pang'ono mukachoka kowombera, ikauma imakakamira. Ngati mudzafuna kuwomberamo tizipolopolo ting'onoting'ono ta .22 LR, timene timasiya mtovu wambiri, pamenepo yomasuka ija ndiyo yokha yoyenera.

Ku Texas malo ena owomberako amabwereketsa mfuti zomanga kale suppressor. Musanalembe fomu, pitani Loweruka mukayese yaifupi ndi yaitali pa pistol, ndi zipolopolo za 147. Mukabwerako mundiuze carbine imene mukuilingalira, ndikuuzani chomangira choyenera kuti musagule kawiri.