Mafunso pa Chichewa: chikhulupiriro timachiteteza kapena timachifotokoza?

Wowerenga wa ku Namwera walemba kuti: "Ife achinyamata a mpingo timalalikira pamsika ndi pa WhatsApp. Pachikwangwani cha msonkhano wathu tikufuna kulemba 'Kuteteza chikhulupiriro chathu'. Wina akuti tilembe kutchinjiriza, wina kuikira kumbuyo. Cholondola n'chiti?"

Mawu onsewo ndi Chichewa chenicheni, koma ine sindingalembe aliwonse mwa atatuwo. Munthu amateteza kapena kutchinjiriza pamene pali mdani, ngati mlimi wolondera chimanga kuopa anyani. Kuikira kumbuyo ndiye ayi ndithu: ndi kukhala mbali ya munthu pa mlandu ngakhale walakwa, ndipo kholo loikira mwana kumbuyo sitilitama.

Taganizirani amene adzawerenge chikwangwanicho. Ku Namwera ambiri odutsa pamsewu ndi Asilamu, ena ndi amalume anu, ena mudakhala nawo m'kalasi limodzi. Akaona "kuteteza" adzafunsa kuti wakuukirani ndani, ndipo adzadziwa kuti mukunena iwo. Msonkhano usanayambe mwawathamangitsa kale. Pa 1 Petro 3:15, vesi lomwe alaliki amakonda pa nkhani imeneyi, Mkhristu akuuzidwa kukhala wokonzeka kuyankha aliyense womufunsa za chiyembekezo chake, ndipo ayankhe mofatsa. Wofunsa si mdani. Lembani "Kufotokoza chiyembekezo chathu", kapena "Bwerani ndi mafunso anu". Ndiwonjezere pomwepa kuti "kugawana chikhulupiriro", komwe kwafala pa wailesi masiku ano, kumandimvekera mwachilendo. Timagawana ndiwo ndi ndalama. Makolo athu mu mpingo ankati kuchitira umboni, ndipo mawuwo sadathe mphamvu.

Mayi wina wa ku Malindi akufunsa: "Agogo anga amatcha anansi athu Anasala, pena akunja. Ndiwaletse?"

Agogo musawadzudzule pagulu, adakula nawo mawuwo, koma inu musawatengere. Eni ake amadzitcha Asilamu ndipo chipembedzo chawo ndi Chisilamu. Ambiri a iwo dzina la Anasala limawapweteka. Chinanso, mu Chiarabu cha mu Korani mawu akuti Nasara amatanthauza Akhristu, choncho shehe akamva mukumutcha Mnasala amaona kuti simudziwa chomwe mukunena. Akunja ndi mawu a m'Baibulo onena anthu a mitundu ina, osakhala Ayuda, ndipo m'mipingo adasanduka dzina la aliyense wosabatizidwa. M'makutu mwa Mchewa kapena Myao amamveka ngati munthu wosadziwa Mulungu konse. Kunena zimenezo kwa munthu wopita ku mzikiti tsiku lililonse n'kumunamizira, ndipo sadzakumveraninso. Mukamayankhula naye, ngakhale pa Facebook pomwe ulemu umasowa, nenani inu, osati iwe.

Bambo wa ku Monkey Bay akufunsa ngati tilembe Kristu kapena Khristu. Mabuku akale a mipingo ankalemba Kristu, n'chifukwa chake mukuonabe zimenezo m'mabuku ena a nyimbo. Kalembedwe ka lero kamaika h pamene liwu likutuluka ndi mpweya, monga mu khasu ndi khomo, ndiye lembani Khristu, Mkhristu, Akhristu, Chikhristu. Pokopera vesi, tsatani momwe Baibulo lomwe muli nalo lalembera.