Ufa woyeretsa mano uja unandiliza ine

Achemwali, ngati mukuganiza zogula ufa woyeretsa mano wogulitsidwa m'timabotolo, ufa umenewo musauyerekeze. Kutatsala masabata awiri kuti chinkhoswe changa chichitike, mayi wina wogulitsa zodzoladzola ku Luchenza anandigulitsa kabotolo kosalembedwa kalikonse, nandiuza kuti ndizisakaniza ufawo ndi makala osinja ndi madzi a mandimu, n'kumakwecha m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachinayi ndinadzuka nkhama zitayera ngati zawauka ndi madzi otentha, ndipo nditamwa madzi a pampopi m'mamawa wa June, ozizira monga mukuwadziwira madzi ochokera m'phiri la Mulanje, ululu unandilasa kuchokera m'mano akutsogolo mpaka m'mutu, kapu n'kupulumuka m'manja. Ngakhale mpweya wolowa mkamwa polankhula unkandipweteka. Pa chinkhoswepo anthu ankati mkwatibwi ali ndi manyazi, pamene ine ndinkaopa kutsegula pakamwa. Nditamuimbira mayi uja, anandiyankha mopanda chisoni kuti kupwetekako ndi umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito, kenako anasiya kuyankha foni, ndipo mpaka lero akugulitsabe kwa ana a eni.

Dokotala wa mano ku Blantyre ndiye anandifotokozera kuti mandimu amafewetsa chikutu cholimba cha pamwamba pa dzino, makala n'kumachipala, ndipo chikatha sichimeranso. Zamkati mwa dzino n'zachikasu, choncho wokwecha kwambiri amathera mano achikasu kuposa poyamba. Madokotala akamayeretsa mano amayamba ayeza ngati pali dzino lobowoka, amaphimba nkhama, kenako amapaka mankhwala oyeretsa mano otchedwa hydrogen peroxide wamphamvu, wa 25 mpaka 40 peresenti, kwa pafupifupi ola limodzi. Njira ina amakupimani mano n'kukupangirani chovala cha pulasitiki chokukwanani, muziikamo mankhwala ena oyeretsa otchedwa carbamide peroxide wa 10 peresenti usiku kwa masabata awiri. Dzino lomatidwa kapena loikirira silisintha mtundu, zimenezo muzidziwiretu.

Pitani kwa dokotala, ngakhale kuti nanenso atandiyeretsa, nkhama zitapola, mano anayayamira masiku awiri, ndipo chaka chisanathe tiyi wathu yemweyu anali atayamba kuwadetsanso. Ngati ndalama zavuta, apempheni angokuchotsani litsiro louma la m'mano, chifukwa kwa ambiri vuto ndi lomwelo. Soda wophikira ndimapakabe pang'ono pa mswachi kamodzi pa sabata, koma mandimu ayi.