Napolo si nkhani yongoopseza ana

Achimwene, mwafunsa ngati nkhani za Napolo zimene agogo ankakamba zili ndi phindu masiku ano. Ine ndikuti zili nalo ndithu.

Akuluakulu ankati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka chimakokolola miyala, mitengo ndi nyumba. Chinjokacho mukhoza kuchikana, koma njira imene ankati chimadutsa ndi yeniyeni. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la m'phiri limakhuta madzi, kenako limagumuka n'kutsetsereka ndi miyala yomwe, kutsata makwawa akale. Zinatero ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991 pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, ndiponso ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy.

N'chifukwa chake agogo ankaletsa kumanga m'khwawa ngakhale litauma gwaa. Ankati mukamva phiri likulindima usiku, kapena kamtsinje kafiira mwadzidzidzi n'kumabwera ndi zitsa, thawirani kumtunda, katundu musiyeni. Zimandiwawa kuona ana athu akuseka malangizo amenewa.

Kuno ku Mangochi timakhala pakati pa nyanja, mtsinje wa Shire ndi mapiri a ku Namwera. Mu 2024 nyanja itakwera, inalowa m'nyumba zambiri za m'mphepete. Musanagule puloti, funsani agogo a pamalopo kuti madzi anafikapo pati kale, ndipo mvula ikakula muzimveranso machenjezo a zanyengo pa wailesi.